Za mwendo wa nkhosa wa pa Khirisimasi

Mnzanga wokondedwa,

Kuno ku Mufakose, mu Harare, tonse tili bwino, kaya iwe ndi ana kumeneko ku Leeds? Mvula yagwa kale, masuku ali mbwee ku Mbare Musika.

Wandifunsa za mwendo wa nkhosa uja ndinawotcha chaka chatha, poti kwanuko mbuzi njosowa pomwe nkhosa ili m'sitolo iliyonse. Kuno ukudziwa, Khirisimasi ndi nkhuku, mpunga ndi mbuzi. Nkhosa ndimachita kukauziratu kubutchala lisanafike tchuthi cha Unity Day pa 22 Disembala, chifukwa kuyambira pamenepo m'tauni simupondeka. Zambiri kuno ndi za mtundu wa Dorper, zija za mutu wakuda zochokera ku South Africa. Iweyo ukagula youma ndi ayezi ya ku New Zealand, uyisiye m'firiji masiku awiri isungunuke yokha.

Gula mwendo wa makilogalamu 2, fupa lake lili momwemo. Uyambe kusenga mafuta okhuthala aja, usiyeko ochepa pamwamba. Fungo limene anthu akwathu amaidera nkhosa limakhala m'mafutamo. Madzulo oti mawa ndi Khirisimasi uyibaye ndi nsonga ya mpeni malo ambiri, m'mabowomo ulowetse tizidutswa ta adyo ndi timasamba ta rosemary. Kenako uyipake mchere, tsabola, madzi a mandimu ndi mafuta ophikira pang'ono, igone m'firiji.

Tsono pa moto mpamene pagona nkhani. Azungu akwanuko amaikonda yofiirira mkati, amati ikafika madigiri 63 yapsa. Apongozi anga atangoona zimenezo angakankhe mbale n'kunena kuti ndawapatsa yaiwisi, ndipo inenso sindingawatsutse. Ife tinakula ndi nyama yoti ukaikoka ndi zala imachoka yokha pafupa. Nkhosa imafika pamenepo ukaipatsa moto wochepa nthawi yaitali. Yala anyezi wodula zikuluzikulu pansi pa thireyi, ika mwendowo pamwamba, thira kapu imodzi ya madzi, vundikira bwinobwino ndi foil. Uvuni ukhale pa madigiri 160 kwa maola 4, ndipo usamangotsegulatsegula. Ikafewa, chotsa foil, kweza moto ufike 220 kwa mphindi 20 kuti pamwamba pakhale pofiirira ndi pokhutchuka. Mbatatesi uziwiritseko pang'ono, uziwotche m'mafuta otsika m'nyamayo.

Ineyo uvuni wa magetsi sindiudalira, amatha kuzima nyama ili pakati. Ndimatulutsa mphika wachitsulo wa miyendo itatu uja amayi anandisiyira, makala ochepa pansi, ena pachivundikiro. Ndimamvetsera ndi khutu: ukamalira pang'onopang'ono kuti tcherr, zili bwino, ukayamba kuthetheka, ndimaphula makala ena n'kuthira timadzi m'mbali. Ana a kwa aneba amayamba kuzungulirazungulira pampanda isanakwane n'komwe 11 koloko.

Ikapsa usathamangire mpeni. Isiye mphindi 20 itavundikiridwa, apo ayi madzi ake onse athera pathabwa. Nthawi imeneyo yengula mafuta oyandama m'thireyi, zotsalazo pamodzi ndi anyezi uja uthire supuni ya ufa wa tirigu ndi madzi, uwiritse. Msuzi wake ndi umenewo. Anthu adye ikadali yotentha, chifukwa mafuta a nkhosa akazizira amagwirana n'kumata kukamwa.

Mint sauce, msuzi wa timasamba ta mint uja azungu amadyera nkhosa, ndinayesa kuwaikira apabanja, palibe anaikhudza. Bambo a kunyumba kuno anadya mpunga pang'ono mwaulemu, kenako anafunsa ngati ufa ulipo. Ndiye chaka chino nsima ndi ndiwo zamasamba za covo zothira tomato zikhala patebulo kuyambira pachiyambi. Nawenso ukagule ufa kusitolo ya anthu a ku Africa nthawi ikadalipo.

Undipatsire moni ana ndi bambo awo. Ukaphika unditumizire chithunzi pa WhatsApp, ndione ngati fupa latuluka loyera.

Ndine mnzako wa ku Mufakose