Njira za matsenga opusitsa maso zilembedwe poyera

A Mkonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo, kudzera m'nyuzipepala yanu, pa nkhani imene akatswiri a matsenga osangalatsa anthu akhala akukanganirana kwa zaka zoposa 100 ku Ulaya ndi ku America, koma imene kuno kwathu sitinaikhalirepo pansi ngakhale kuti imatikhudza kuposa eni mkanganowo. Nkhani yake ndi yakuti, kodi n'koyenera kuti njira zimene anthu amenewa amapusitsira maso athu zizilembedwa poyera kuti aliyense wofuna aziwerenga? Ine ndikuti n'koyenera, ndipo ndikupempha kuti nyuzipepala zolembedwa m'Chichewa zitsogolere ntchito imeneyi.

Ndili mu Sitandade 4, kusukulu kwathu kunabwera bambo wina wamatsenga atanyamula sutikesi yakuda. Tinalipira matambala ochepa pakhomo, ndipo mawindo a kalasi anatsekedwa kuti amene sanalipire asasuzumire. Bamboyo anationetsa ndalama yachitsulo ataigwira ndi nsonga za zala za dzanja lamanzere, kenaka anaitenga ndi dzanja lamanja, anafumbata, anauzira mpweya, ndipo atatambasula dzanjalo munalibe kanthu. Patapita kanthawi anaitulutsa kukhutu kwa mnzanga amene ndinkakhala naye desiki imodzi. Ife tinakuwa ndi chisangalalo, koma mnzangayo analira tsiku lonse, ndipo mayi ake atamva kuti munthu wachilendo watulutsa ndalama m'mutu mwa mwana wawo, anagulitsa nkhuku ziwiri n'kupita naye kwa sing'anga kuti akamutemere mphini. Zaka zambiri pambuyo pake, ndili kusukulu ya zauphunzitsi, ndinapeza kabuku kakale m'laibulale kofotokoza tsenga lomweli. Ndalamayo sichoka m'dzanja lamanzere n'komwe. Pamene dzanja lamanja likuphimba zala ngati likuitenga, wamatsengayo amangoilekerera kuti igwere m'chikhatho, ndipo maso athu amatsatira dzanja limene lafumbata mphepo. Ndinayeserera pagalasi kwa masabata angapo ndisanathe kuchita zimenezi mosaonekera, ndipo m'malo mopeputsa bambo uja ndinayamba kumulemekeza, chifukwa ndinazindikira kuti manja ake anawaphunzitsa kwa zaka. Koma ndinakumbukiranso nkhuku ziwiri zija, ndi zipsera za mphini zimene mnzanga anakula nazo chifukwa cha chinthu chimene chikanafotokozedwa m'mizere inayi.

Amene amakana kuti zinsinsi zimenezi ziululidwe si anthu opanda mfundo, ndipo ndisawanamizire. Bungwe la The Magic Circle, limene linakhazikitsidwa ku London mu 1905, limalonjezetsa mamembala ake kuti sadzaulula njira za matsenga kwa anthu wamba, ndipo ngakhale pulezidenti wake woyamba, David Devant, anachotsedwa m'bungwemo chifukwa cholemba zinsinsi zoterezi poyera. Mu 1997 wailesi yakanema ya Fox ku America itayamba kuonetsa munthu wovala chigoba kumaso akuulula matsenga akuluakulu mmodzimmodzi, anzake anakwiya kwambiri, ndipo pambuyo pake zinadziwika kuti munthuyo anali Val Valentino. Dandaulo lawo ndi lomveka. Chinsinsi ndiye khasu lawo, ndipo munthu amene watha zaka akukonza tsenga latsopano amamva kuwawa wina akaliulula m'mphindi zisanu kuti apezerepo ndalama. Malamulo nawonso sawateteza mokwanira. Katswiri wina wa matsenga, Horace Goldin, analembetsa kuboma la America mu 1923 njira ya tsenga lake looneka ngati akucheka mzimayi pakati ndi sowo kuti wina asamubere, koma kulembetsako kunachititsa kuti njirayo ikhale m'mabuku a boma amene aliyense angawerenge. Mu 1933 kampani ya fodya ya R. J. Reynolds inafotokoza tsenga lotere polengeza malonda a ndudu za Camel, ndipo Goldin atakasuma kukhoti sanapindule kanthu. Ife Achewa sitifunika kuphunzitsidwa kuti chinsinsi chimapatsa chinthu ulemerero, pakuti za kudambwe sizikambidwa pabwalo, ndipo kalata ino sikupempha aliyense kuti akhudze zimenezo.

Komabe tiyenera kufunsa ngati kuulula kunaphadi luso limeneli monga ankaopera. Sikunaphe. Valentino atamaliza mapulogalamu ake, anthu sanasiye kudzaza maholo oonetserako matsenga a mumzinda wa Las Vegas ku America. Akatswiri awiri a ku America, Penn ndi Teller, amachita tsenga lakale la makapu atatu ndi timipira pogwiritsa ntchito makapu oonekera mkati, akufotokoza chilichonse chimene akuchita, koma oonerera amaombabe m'manja chifukwa maso awo amalephera kutsatira manja ngakhale auzidwa zonse. Mu 2018 khoti la ku Las Vegas linachititsa kuti njira imene katswiri wotchuka David Copperfield ankasowetsera gulu la oonerera pasiteji ifotokozedwe poyera, pa mlandu umene mlendo wina wochokera ku Britain anasuma atavulala pa tsengalo, ndipo dziko lonse linamva kuti anthuwo ankangothamangitsidwa m'tinjira ta kuseri kukatulukira kumbuyo kwa holo. Copperfield anapitirizabe ntchito yake. Ku Cape Town kuli sukulu yotchedwa College of Magic, imene yakhala ikuphunzitsa achinyamata luso limeneli kuyambira mu 1980, ndipo lero mwana aliyense amene ali ndi foni akhoza kupeza maphunziro ake pa YouTube. Tonse timadziwa kuti ng'oma ndi chipika chogoba ndi chikopa, koma kudziwa zimenezo sikunachititsepo munthu kusiya kugoma ndi mmisiri woimba mbalule.

Chimene chimasiyanitsa ife ndi anthu a ku London ndi ichi. Munthu wolowa m'holo kumeneko amadziwiratu kuti walipira kuti apusitsidwe maso, ndipo wochita matsengayo sanena kuti ali ndi mizimu kapena kuti anakhwima. Kuno kwathu liwu limodzi lomweli, matsenga, timatchulira luso la manja, timatchuliranso mphamvu zimene anthu amaziopa usiku, ndipo pakati pa matanthauzo awiriwa ndi pamene akamberembere amadyerapo. Pitani pafupi ndi depoti ya basi kapena pamsika tsiku la malonda mukaone njuga ya wachiona ndani. Woponyayo amagwira makadi awiri m'dzanja limodzi, lina pamwamba lina pansi, ndi khadi lachitatu m'dzanja linalo. Amakuonetsani kuti khadi lopambana ndi lapansi, koma poponya amayamba kutaya lapamwamba, ndiye inu mumatsatira khadi lolakwika kuyambira pachiyambi penipeni. Anthu awiri kapena atatu amene mumawaona akupambana n'kumasangalala ndi anzake, ndipo ntchito yawo ndi yokopa inu. Akagwiritsa ntchito zitsekerero za mabotolo ndi kanjere, kanjereko nthawi zambiri kamakhala kali pakati pa zala zake, osati pansi pa chitsekerero chilichonse. Mlimi amene wangogulitsa kumene soya wake amabwerera kumudzi chimanjamanja, akunena kuti amuchita chitaka kapena kuti woponyayo ndi wokhwima, pamene chimene chamudyera ndalama ndi kachitidwe ka zala komwe kakhoza kujambulidwa pa theka la tsamba la nyuzipepala ino.

Chimodzimodzi ndi anthu onena kuti amachulukitsa ndalama. Njira imodzi yodziwika m'mayiko ambiri ndi ya mapepala akuda. Wakubayo amabwera ndi bokosi lodzaza mapepala akuda odulidwa molingana ndi ndalama, amatengapo awiri kapena atatu, amawaviika m'madzi amene akuti ndi mankhwala apadera, ndipo pamaso panu amasanduka ndalama zenizeni. Zoona zake n'zakuti mapepala ochepa amenewo anali ndalama kale, anangowadetsa ndi ayodini, ndipo madziwo anasungunuliramo mapiritsi a vitamini C amene amachotsa mtundu wa ayodiniyo. Otsala onse m'bokosimo ndi mapepala wamba. Munthu amagulitsa njinga yamoto kapena malo kuti agule botolo la mankhwalawo, ndipo akazindikira kuti waberedwa amachita manyazi kukanena kupolisi. Ndani angandiuze kuti chinsinsi chotere chiyenera kusungidwa?

Choopsa kuposa zonsezi ndi chimene chimachitika pamene munthu wodzitcha wofufuza afiti aitanidwa m'mudzi. Amalowa m'nyumba ya gogo wina anthu akuonerera, amapisa dzanja kudenga kapena pansi pa mphasa, n'kutulutsa nyanga yokulungidwa ndi mikanda. Ena amayamwa pathupi pa wodwala n'kulavula kafupa kapena tsitsi, n'kunena kuti wina anamuponyera. Kubisa kanthu m'chikhatho kapena m'kamwa kuti ukakatulutse pamalo pamene ukufuna ndi luso lomwe lija la ndalama ya kukhutu kwa mnzanga, kusiyana kwake n'kwakuti apa mapeto ake ndi nyumba yotenthedwa ndi nkhalamba yothamangitsidwa m'mudzi umene inabadwira. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo silinaletse kuphedwa kwa okalamba anayi ku Neno mu January 2016, amene anawaganizira kuti ndiwo anatumiza mphenzi imene inapha mtsikana wina. Khamu likakhulupirira kuti laona umboni ndi maso ake, wapolisi mmodzi sangalibweze. Chimene chingathandize ndi kukhala ndi anthu asanu m'khamulo amene amadziwa mmene nyanga imafikira kudenga, ndipo angathe kupempha kuti wofufuzayo apinde malaya ndi kuonetsa zikhatho zake asanalowe m'nyumba.

Maganizo amenewa si achilendo m'mbiri ya luso limeneli. Limodzi mwa mabuku oyambirira a Chingerezi ofotokoza njira za matsenga linalembedwa ndi Reginald Scot mu 1584, pa nthawi imene amayi osauka ndi okalamba ankaimbidwa milandu ya ufiti ku England, ndipo cholinga chake chinali kuonetsa kuti zodabwitsa zambiri zimene anthu ankaziopa zinali luso la manja chabe. Katswiri wotchuka wa matsenga Harry Houdini, amene palibe angamunene kuti ankadana ndi ntchito yake, anathera zaka zomaliza za moyo wake akuyalutsa anthu onama kuti amayankhula ndi akufa, ndipo mu 1924 anatsutsa poyera mzimayi wina wotchuka wa ku Boston wodziwika ndi dzina lakuti Margery, akuonetsa mmene belu lingalizidwire ndi phazi mumdima. Mu 1986 James Randi, yemwenso anali katswiri wa matsenga, anaulula kuti mlaliki Peter Popoff, amene ankatchula mayina, maadiresi ndi matenda a anthu ngati wauzidwa ndi Mulungu, anali ndi kachipangizo kukhutu komwe mkazi wake ankamuwerengera zimene anthuwo analemba okha pa timapepala ta mapemphero polowa. Chaka chotsatira Popoff analengeza kuti chuma chake chagwa. Patapita zaka anayambiranso ndipo anapezanso omutsatira, zimene zikusonyeza kuti kuulula kamodzi sikokwanira, pakuti m'badwo uliwonse umafunika kuuzidwa mwatsopano.

Ena adzati kulemba njira zimenezi ndi kuphunzitsa akuba. Koma akuba anazidziwa kale, amaphunzitsana okhaokha, ndipo amene watsala mumdima ndi wobedwayo. Wakutsina khutu ndi mnansi. Ndikuvomereza kuti malire ayenera kukhalapo. Tsenga latsopano limene katswiri woona mtima wadzipangira yekha, amene amanena poyera kuti akungosangalatsa anthu, palibe chifukwa cholithamangira kuliulula, ndipo matsenga oopsa monga kumeza malezala kapena kudya moto asalembedwe m'njira yoti ana akayesere kunyumba. Sindikunyozanso chikhulupiriro cha munthu aliyense, kapena asing'anga amene amathandiza anthu ndi zitsamba mosanamiza. Koma njira iliyonse imene ikugwiritsidwa ntchito potenga ndalama za munthu, pomuletsa kupita kuchipatala, kapena poloza chala mnansi wake, yataya ufulu wokhala chinsinsi.

Pa zaka zimene ndinaphunzitsa sayansi kupulayimale, chaka chilichonse ndinkayamba ndi ndalama ija. Ndinkaisowetsa, ana ankakuwa, ena ankanong'onezana kuti aphunzitsi ndi okhwima, kenaka ndinkatembenuka kuti aone dzanja langa chakumbuyo n'kubwereza pang'onopang'ono. Palibe mwana amene anasiya kusangalala ataona njira yake. Onse ankapempha kuti ayesere, ndipo pa nthawi yopuma bwalo lonse linkadzaza ana akugwetsa timiyala m'zikhatho.

Choncho pempho langa, a Mkonzi, ndi lakuti mutipatse kadanga kakang'ono m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, kofotokoza m'Chichewa chomveka njira imodzi pa nthawi, ndi zithunzi zoonetsa mmene manja amayendera. Tiyambe ndi wachiona ndani, titsatize mapepala akuda, kenaka nyanga ya kudenga, ndipo mawailesi a m'madera akhoza kuwerengera amene sadziwa kuwerenga. Ngati mungavomere, ndine wokonzeka kulemba gawo loyamba ndi kubwera ku ofesi yanu kuti wojambula wanu adzajambule manja anga.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Dedza