Chilengezo: Tikuyambitsa Gulu Lothandizana pa Mavuto a M'maganizo

Okondedwa mamembala nonse,

Komiti ikukudziwitsani kuti kuyambira mwezi wamawa tizikumana Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, 2 koloko masana, pamalo athu a nthawi zonse, kuti tizikambirana za nkhawa, kukhumudwa kosatherapo, kusowa tulo ndi mavuto ena a m'maganizo. Ganizoli labwera chifukwa ambiri mwa ife timangofera mumtima, makamaka abambo, amene anakula akuuzidwa kuti mwamuna salira, mpaka ngongole ya katapila kapena maliro a wokondedwa zimawafikitsa poganiza zodzipha.

Tizikhala mozungulira, anthu osapitirira 10 pagulu limodzi, ndipo aliyense azilankhula akakonzeka. Wofuna kungomvetsera sadzakakamizidwa. Zokambidwa pamenepo zizithera pomwepo, ndipo komiti siidzalekerera aliyense wozitulutsa kunja. Njira yomvetserana yotereyi si yachilendo, pakuti ku Zimbabwe ntchito ya Friendship Bench, imene anaiyambitsa Dr Dixon Chibanda mu 2006, inaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kulangiza anthu ovutika maganizo atakhala nawo pa benchi panja pa chipatala.

Tikutsindika kuti gululi silikulowa m'malo mwa chipatala, choncho amene ali pa mankhwala asasiye kumwa. Mnzathu akayamba kumva mawu amene ena sakuwamva, kapena akamalankhula zodzipha, tisadikire tsiku la msonkhano, koma timuperekeze msanga ku chipatala cha boma chapafupi, kumene madokotala angamutumize ku Zomba Mental Hospital kapena ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe.

Ofuna kulowa nawo alembetse kwa mlembi wathu mwezi uno usanathe.

Komiti