Mabala ang'onoang'ono, koma opaleshoni ndi yaikulu

Akonzi,

Tipatseniko danga tifotokoze za opaleshoni ya m'chifuwa yogwiritsa ntchito kamera, imene madokotala amaitcha VATS. Anthu akamva kuti sang'amba chifuwa amaiyesa yamasewera, ndipo izi zimatidetsa nkhawa.

Wodwala amapatsidwa mankhwala ogonetsa n'kugonekedwa cham'mbali. Pakhosi amamulowetsa chubu cha njira ziwiri kuti phapo limodzi lizipuma, linalo liphwe, apo ayi kamera ilibe poonera. Dokotala amaboola pakati pa nthiti malo amodzi kufika anayi, a sentimita imodzi kapena ziwiri, olowetserapo kamera ndi zida. Ngati akuchotsa chigawo cha phapo, bala limodzi limafika masentimita 4 kapena 5. Nthiti sazikanula ndi chitsulo monga zimakhalira pa opaleshoni yong'amba, n'chifukwa chake ululu umachepa ndipo munthu amatuluka m'chipatala msanga.

Njirayi imathandiza kutapa kanyama kokayeza, kuchotsa khansa ya m'mapapo isanafalikire, kudula timatuza tomwe timaphulika n'kuphwetsa phapo mobwerezabwereza, ndi kuchotsa magazi oundana munthu akavulala. Koma pomwe tikufuna kutsindika ndi pa mafinya odzadza m'chifuwa chifukwa cha chibayo. M'masabata oyambirira amakhala m'timatumba tofewa tosavuta kuswa ndi kutsuka. Mukachedwa, phapo limakutidwa ndi chikhungwa cholimba, ndipo kawirikawiri pamafunika kung'amba basi.

Choopsa chachikulu ndi magazi. Mtsempha waukulu wa m'phapo ndi wopyapyala. Ukang'ambika, dokotala amatseka pamalopo n'kutsegula chifuwa nthawi yomweyo. Kumeneko si kulephera ayi, ndi kupulumutsa moyo, ndipo wodwala ayenera kuuzidwa zimenezi asanasaine. Amene anadwalapo TB anene poyera, pakuti phapo lawo limamatirira ku nthiti ndipo anabere ouma amakakamira pa mitsempha. Wodwala aliyense anenenso ngati akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin. Fodya asiyiretu, makamaka masabata anayi tsikulo lisanafike.

Akatsitsimuka amapeza paipi yochokera m'chifuwa kupita m'botolo la madzi. Odikirira odwala, chonde, botololo lizikhala pansi nthawi zonse. Mukalikweza pabedi madzi amabwerera m'chifuwa, ndipo paipi ikapindika mpweya umaunjikana n'kupanikiza phapo. Thovu la m'botololo likapitirira masiku asanu, ndiye kuti phapo likutayabe mpweya ndipo paipi ikhalitsa. Wodwala akhosomole, apume mozama, ayambe kuyenda tsiku lotsatira ngakhale pakuwawa. Kungogona kumasunga makhololo, chibayo n'kubwera. Dzanzi kapena kuyaka m'mbali mwa bala kumachitika chifukwa cha minyewa ya pansi pa nthiti, ndipo kwa ena kumatenga miyezi.

Kunyumba, akayamba kubanika, kutentha thupi, kukhosomola magazi ambiri kapena bala likamatuluka mafinya, abwerere kuchipatala tsiku lomwelo, asadikire tsiku lomwe anamulembera.

Ife anu,
Ogwira ntchito za opaleshoni ya m'chifuwa