Mphwanga asapite, achemwali

Pemba, Mozambique

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti nonse muli bwino ku Bangwe kumeneko, alamu ndi ana omwe. Ine kuno ndilipo, kungoti dzuwa layamba kuswa mtengo ndipo pagalaja ntchito yachuluka moti tikuweruka kutada. Ndalama ndapatsira adalaivala aja a thiraki ya ku Nacala, akuimbirani akafika ku Limbe. Muyambe mwachotsapo ya mankhwala a amayi, malata angadikire.

Chimene ndakhalira pansi n'kulemba m'malo mongoimba foni ndi nkhani ya mphwanga, mwana wanuyo. Mwati wapezana ndi munthu pa WhatsApp amene akumulonjeza ntchito kumpoto kwa Mozambique kuno, thiransipoti amulipirira, ya m'thumba amupatsiratu, pasipoti akuti n'njosafunika. Mwini mbumba ndine, ndipo ndakana. Asapite. Kalatayi mumuwerengere ali pomwepo, alamu akumva.

Kaya munthuyo ndi kathyali wamba wofuna kumudyera tindalama, kaya ndi woipa kuposa pamenepo, malonjezo akewo ndi omwe aja anamaliza anyamata m'chigawo chino cha Cabo Delgado. Mfuti zinayamba kulira pa 5 Okutobala 2017, gulu litaukira apolisi ku Mocímboa da Praia. Anthu kuno amawatchula kuti machababo. Koma mfuti zisanalire, anakhala zaka akunyengerera ana a eni mwakachetechete: uyu amubwereka mpamba wa geni ya nsomba, uyu amulonjeza sukulu kunja, winayu ntchito. Tsiku lobweza ngongole likakwana, wobwereketsa uja ndalama sankaifuna, ankafuna munthu. Ndipo sanavutike kupeza omvera. Gasi wapezeka m'nyanja ku Palma, miyala ya rubi ili ku Montepuez, koma mwana wobadwira pompano ntchito osailawa, okumba miyala paokha n'kumathamangitsidwa. Mkwiyo unalipo kale, iwo anangobwera kudzaukolezera.

Mphwanga amve bwino apa. Mu Epulo 2020 zigawengazi zinasonkhanitsa anthu pamudzi wa Xitaxi, m'boma la Muidumbe, n'kuuza anyamata kuti alowe gulu lawo. Anyamatawo anakana. Anaphedwa anthu 52 tsiku limodzi, ambiri a msinkhu wake womwewo. Chaka chotsatira, pa 24 Malichi 2021, zinalowa m'tauni ya Palma, kumene kunadzaza anthu obwera kudzafuna maganyu a gasi, ndipo kampani ya Total inaimitsa ntchito yonse. Othawa ankafika pagombe la Paquitequete muno mu Pemba atapanikizana m'maboti, ena atakhala masiku panyanja opanda madzi akumwa. Onse othawa kwawo anapitirira 1 miliyoni. Asilikali a ku Rwanda ndi a SADC anabwera chaka chomwecho, Mocímboa n'kulandidwanso mu Ogasiti. M'tauni muno tikugona, musade nkhawa, koma msewu wa ku Macomia sitiuyenda chisawawa.

Pa 21 Ogasiti wailesi inkanena kuti ndi tsiku limene bungwe la United Nations linapatula kuti tizikumbukira ophedwa ndi zigawenga. Akuluakulu anayankhula zawo, ine ndili pansi pa galimoto ndi sipanala. Chikumbutso chimene chinandilowa mumtima ndinachiona patapita masiku, kwa mnzanga wowotcherera pagalaja pathu, Msilamu wa ku Macomia. Anandiitanira ku sadaka kunyumba imene amachita lendi ku Paquitequete. Tinakhala pamikeka pabwalo, azimayi ali kuseri akuphika mpunga wa kokonati ndi nsomba. Shehe atatha duwa, mdala wina anatulutsa kope la sukulu m'jumbo, masamba ake atafufuma ndi madzi a m'nyanja, inki itayenderera. Anayamba kuwerenga mayina, dzina ndi mudzi wake, dzina ndi mudzi wake, osathamanga. Likatchulidwa dzina, kuseri kuja kumamveka mayi mmodzi akuyankha. Ndinali naye pafupi mdalayo, ndiye ndinaona kuti mayina ena ali ndi kachizindikiro kumapeto. Nditafunsa anati amenewo ndi amene anaikidwa m'manda. Anali ochepa, achemwali. Otsalawo anatsala m'tchire ndi m'mphepete mwa misewu, alibe manda, chiliza sichidzamangidwa, abale awo alibe pokalira. Inu mukudziwa mmene zinalili ku Chilobwe mu Malichi 2023, Freddy atagumula phiri la Soche, mabanja akukumba matope osampeza munthu wawo. Kuno ululu ndi womwewo, kungoti anachita ndi munthu mnzawo, nthawi zina mwana wa pamudzi pomwepo amene ankamudziwa ndi dzina.

Tsopano alamu. Ndinamva pafoni paja akunena kuti zonsezi ndi za Asilamu, mpaka aletsa ana kupita kwa aneba aja a kumtunda. Alamu, ndi ulemu wonse, pamenepo mwaphonya. Mayina ambiri m'kope lija anali a Asilamu. Mashehe a kuno ndi amene anayamba kuchenjeza boma nkhondo isanayambe, kuti kwabwera anyamata olowa mumzikiti ndi nsapato ndi mipeni, oletsa ana kupita kusukulu ndiponso onyoza makolo awo. Zigawengazi zinawononga tchalitchi cha Katolika ku Nangololo, zinatenthanso mizikiti. Aneba amenewo ndi amene ananyamula amayi usiku uja kupita nawo ku Queens ife tonse kulibe. Ana apite akasewere, ndipo Idi ikafika mpunga wawo mulandire monga mwa masiku onse. Mwana amene amakula akumuloza chala kuti ndi chigawenga, ndi amene wonyengerera uja amamupeza mosavuta.

Mphwangayo musamukalipire. Ndikumumvetsa. Chilembereni mayeso a Fomu 4 angokhala, m'mawa pa bawo, masana pa shopu ya mnzake, madzulo kudzapempha ya bandulo kwa inu. Mwamuna amatopa nazo, ndipo aliyense womuitana kuti "bwera, ndiwe wofunika" amamveka ngati mngelo. Inenso chinandichotsa ku Blantyre ndi chomwecho, koma ine ndinabwera ndi pasipoti m'manja, ndikudziwa dzina la bwana ndi malo a galaja. Ntchito yeniyeni sithawa mapepala.

Nambala ya munthuyo musaifufute. Mujambule mauthenga onse, alamu apite nawo kupolisi ya Limbe, chifukwa si mwana wathu yekha amene akulemberedwa. Mufufuzenso anzake amene amayenda nawo, makolo awo adziwe.

Ine mbali yanga ndi iyi: akafunse ku Soche Technical za maphunziro owotcherera kapena a umakaniko, fizi ndi zipangizo ndilipira ine. Malo akasowa, mumupezere mmisiri wodalirika ku Ndirande aziphunzira pamanja, ya minibasi ndizitumiza mwezi ndi mwezi. Akadziwa ntchito n'kufunabe kubwera kuno, ndidzabwera ndekha kudzamutenga, tidzadutsa pachipata masana, pasipoti itadindidwa.

Lamulungu mukachoka kutchalitchi andiimbire, iyeyo mwini wake, inu mutuluke panja. Pali zina zimene mnyamata sanganene mayi ake akumva.

Mupereke moni kwa amayi ndi kwa ana onse.

Ine mlongo wanu.