Udindo wa mwini nyumba suthera pageti kontrakitala akalowa

Wokondedwa Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za zimene zinachitika sabata yatha panyumba yosanjikizana imene muli maofesi athu, chifukwa nkhaniyi ndinaitula kale kwa oyang'anira nyumbayo, ndipo yankho limene anandipatsa ndi limene landipweteka mtima kuposa zimene ndinaona ndi maso.

Kampani ina inapatsidwa ntchito yochotsa zinyalala m'ngalande za madzi a padenga ndi kusintha malata angapo amene ankadontha. Makwerero amene anabwera nawo anali aafupi. M'malo mobwerera kukatenga aatali kapena kumanga nsanja yokwerapo, kapitawo wawo analamula kuti makwererowo aimikidwe pamwamba pa migolo iwiri yopanda kanthu, imene anaiika pamatailosi oterera a khonde la m'mwamba. Mnyamata wina anakwera, dzanja lina ndowa, dzanja lina hamala, kuphazi masilipasi. Analibe lamba womuteteza, analibe chipewa cholimba, ndipo panalibe ngakhale munthu mmodzi wogwira makwererowo. Nthawi iliyonse akatambasula mkono kuti afikire patali, phazi limodzi la makwererowo linkasendera pang'onopang'ono kumphepete kwa mgolo, ndipo mgolowo unkalira. Pansi pake penipeni ndi pamene pali khomo lalikulu lolowera anthu, ndipo panalibe chingwe chotchinga kapena chikwangwani chochenjeza. Mnyamatayo sanagwe, koma hamala inamupulumuka n'kuswa tailosi pamalo amene mayi wina wonyamula mwana anali atangodutsapo.

Nditapita kukanena kuti ntchitoyo iimitsidwe, woyang'anira nyumba anandiyankha ali khale pampando wake kuti: "Amenewo si antchito athu, ndi a kontrakitala." Mkonzi, mawu amenewa ndi amene andilembetsa kalatayi. Kodi munthu akamagwa kuchokera padenga, nthaka imayamba yafunsa kuti malipiro ake amachokera ku ofesi iti? Denga ndi la eni nyumbayo, khonde ndi lawo, khomo limene mayi uja anadutsa ndi lawo, kampaniyo anaisankha okha, ndipo mlonda wawo ndi amene anaitsegulira geti. Zikutheka bwanji kuti zonsezi zikhale zawo, koma moyo wa munthu amene akuwakonzera denga ukhale wa eni ake?

Ndikufuna ndikhalepo pang'ono pankhani ya makwerero, chifukwa ena amaiona ngati yaing'ono pamene ndi imene yasiya ana ambiri opanda bambo. M'maiko amene amasunga bwino ziwerengero za ngozi, monga Britain ndi America, kugwa kuchokera pamwamba ndi kumene kumapha amisiri a zomangamanga ambiri kuposa ngozi ina iliyonse. Malamulo a makwerero si ovuta, ndipo kapitawo amene sakuwadziwa sayenera kutsogolera anthu. Makwerero amaima pansi polimba, posapendekeka ndi posaterera, osati pamigolo, panjerwa kapena patebulo. Akawatsamiritsa kukhoma, phazi lake liyenera kutalikirana ndi khomalo mita 1 pa mamita 4 alionse okwera m'mwamba, chifukwa akaima chilili kwambiri amagwera chagada, ndipo akagona kwambiri amatsetsereka. Ngati munthu akukwera kuti akaponde padenga, makwererowo ayenera kupitirira mlomo wa denga ndi pafupifupi mita 1 kuti akhale ndi pogwira potsika ndi pokwera. Ayenera kumangidwa kumtunda kuti asasunthe. Wokwera ayenera kukhala atagwira ndi kuponda malo atatu nthawi zonse, kutanthauza mapazi awiri ndi dzanja limodzi, kapena manja awiri ndi phazi limodzi, ndipo zida zake azinyamule m'chikwama cha m'chiuno kapena azikoke ndi chingwe akafika. Mnyamata uja anali ndi katundu m'manja monse. Pa malamulo onsewa, palibe ngakhale limodzi limene linatsatidwa tsiku limenelo, ndipo onse anaphwanyidwa masana dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa anthu amene amalipidwa kuti aziyang'anira nyumbayo.

Kunena zoona, ntchito imeneyi sinali ya makwerero n'komwe. Makwerero ndi okwerera, komanso ogwirira kantchito kopepuka ka mphindi zochepa. Kusintha malata ndi ntchito ya maola ambiri, yofuna manja onse awiri, ndipo imafuna nsanja yomangidwa bwino, yokhala ndi zitsulo zotchinga m'mbali ndi thabwa la m'munsi loletsa zida kugwera anthu odutsa. Thabwa limeneli likanakhalapo, hamala ija sikanafika pansi. Akatswiri a chitetezo cha pantchito amaphunzitsa kuti choyamba ndi kupewa kukwera ngati ntchito ingatheke munthu ali pansi, chachiwiri ndi kutchinga kuti munthu asagwe, ndipo lamba amabwera pambuyo pake. Lamba naye alibe ntchito ngati palibe chitsulo cholimba chomukolekapo, ndipo kampani imene ikumugwiritsa ntchito iyenera kukhala itakonzeratu mmene ingatsitsire munthu amene walendewera, chifukwa kulendewera pa lamba nthawi yaitali kumasokoneza kayendedwe ka magazi ndipo kukhoza kupha munthu amene anapulumuka pogwa.

Izi si maganizo anga ndekha. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linakhazikitsa Pangano nambala 167 m'chaka cha 1988, lokhudza chitetezo ndi umoyo pantchito za zomangamanga, ndipo panganoli limanena momveka bwino kuti kukonza nyumba, kuisamalira, kuitsuka ndi kuipaka penti ndi ntchito za zomangamanga monga mmene kulili kumanga nyumba yatsopano. Choncho amene amaganiza kuti malamulo a chitetezo ndi a kumalo kumene kuli makina akuluakulu okha, pamene kuchotsa masamba m'ngalande ndi kaganyu chabe, akudzinamiza. Pangano lomweli limati makwerero azimangidwa kuti asasunthe, nsanja ziziunikidwa ndi munthu wodziwa ntchitoyo, ndipo zovala zodzitetezera ziziperekedwa popanda wantchito kulipira kanthu. Limapatsanso wantchito ufulu wochoka pamalo ngati ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pangozi yaikulu. Pangano nambala 155 la chaka cha 1981 limawonjezera kuti makampani awiri kapena kuposerapo akamagwira ntchito pamalo amodzi nthawi imodzi, ayenera kugwirizana pa zachitetezo. Ndipo m'chaka cha 2022 ILO inaika malo otetezeka ogwirira ntchito m'gulu la maufulu ofunika kwambiri a wantchito aliyense, limodzi ndi kuletsa ntchito yokakamiza ndi kugwiritsa ana ntchito. Ndiye woyang'anira nyumba akamanena kuti "si athu", akutsutsana ndi ndani?

Ndikudziwa kuti ena anena kuti mnyamatayo akanakana kukwera. Papepala ufuluwo ali nawo ndithu. Koma tiyeni tinene chilungamo: munthu wolembedwa tsiku ndi tsiku, amene akudziwa kuti akatsegula pakamwa mawa kapitawo atenga wina, sangakane. Iye ndi amene ali ndi mphamvu zochepa kuposa onse pamalopo, ndipo ndi nkhanza kuika mtolo wonse pamutu pake. Amene anali ndi mphamvu zoimitsa ntchito ndi mawu amodzi okha ndi mwini nyumba, chifukwa ndalama zili m'manja mwake, ndipo palibe kontrakitala amene amanyozera munthu amene sanamulipirebe.

Vuto limayambira pa kasankhidwe ka makampaniwa. Ntchito imapatsidwa kwa amene watchula mtengo wotsika kuposa onse, ndipo palibe amene amafunsa kuti mtengowo watsika chifukwa chiyani. Watsika chifukwa mulibe nsanja, mulibe malamba, mulibe inshuwalansi ya antchito, mulibe maphunziro. Kampani imene yawerengera zonsezi moona mtima imaluza, ndipo chaka chotsatira nayo imazichotsa kuti ipeze ntchito. Nthawi zina amene wapambanayo amagulitsa ntchitoyo kwa wina, winayo n'kupatsanso wina, mpaka munthu amene akukwera padenga sakudziwa n'komwe dzina la kampani imene inasaina mgwirizano. Ngozi ikachitika, aliyense amaloza mnzake chala, ndipo banja la wovulalayo limangoyendetsedwa ofesi ndi ofesi kufuna chipukutamisozi.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti makwerero ndi ngozi imene tonse timaiona, pamene m'nyumba yakale muli ngozi zina zobisika zimene mmisiri wochokera kunja sangazidziwe pokhapokha mwini nyumba atamuuza. Nyumba zambiri zakale zili ndi asibesitosi (ulusi wochokera m'miyala, wosapsa ndi moto, umene ankauika m'zipangizo zomangira) m'madenga, m'masiling'i ndi m'zokutira mapaipi. Akangokhala osakhudzidwa savutitsa kwenikweni, koma akaboola kapena kumudula, fumbi lake limalowa m'mapapo n'kuyambitsa khansa imene imaonekera patapita zaka 20 mpaka 40. Dziko la Britain linaletseratu asibesitosi mu 1999, koma mpaka pano anthu pafupifupi 5,000 amafabe chaka chilichonse ndi matenda obwera chifukwa cha iye, ndipo ambiri mwa amene ali pangozi lero ndi akalipentala, amisiri a mapaipi ndi a magetsi, amene amalowa m'nyumba za eni kukakonza zinthu. N'chifukwa chake malamulo a kumeneko amakakamiza woyang'anira nyumba kudziwa pamene pali asibesitosi ndi kuuza aliyense wobwera kudzagwira ntchito. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, koma pankhani iyi wolakwa weniweni ndi amene ankadziwa n'kukhala chete.

Chimodzimodzinso magetsi. Mmisiri amazimitsa switchi yaikulu n'kukwera kusiling'i, kenako wina wa mu ofesi, poona kuti kompyuta yake yazima, amapita kukayatsanso. Mankhwala ake ndi loko: amene akugwira ntchitoyo atseke switchiyo ndi loko wake, kiyi akhale m'thumba mwake, apachikepo chikwangwani cha dzina lake, ndipo ayese mawayawo ndi chida choyesera asanawagwire. Kodi mmisiri angachite bwanji zimenezi ngati palibe womuonetsa bokosi la magetsi loyenera? Nanga padenga, ndani angamuuze kuti malata oonekera aja, amene amalowetsa kuwala, sangapirire kulemera kwa munthu, makamaka akakutidwa ndi fumbi n'kumaoneka ngati malata ena onse? Owotcherera zitsulo nawo amafuna chozimitsira moto pafupi ndi munthu wotsala kuyang'anira malowo ntchito ikatha, chifukwa kamoto kobisala m'matabwa kamatha kuyaka anthu ataweruka. Zonsezi zimafuna kuti mwini nyumba ndi kontrakitala akhale pansi ntchito isanayambe.

Sindikuchotsera kontrakitala mlandu, ayi. Iye ndi bwana wa mnyamata uja, ndipo udindo woyamba ndi wake: kuunika ngozi za ntchitoyo asanatumize anthu, kulemba mmene aigwirire, kuphunzitsa antchito ake, kubwera ndi zida zoyenera ndi kuika kapitawo wodziwa. Kapitawo amene anaitanitsa migolo ija sayenera kupatsidwanso anthu oti awatsogolere mpaka ataphunzira. Ndikufunsanso akuluakulu a boma amene ntchito yawo ndi kuyendera malo ogwirira ntchito kuti asamangopita kumafakitale ndi kumalo omanga nyumba zikuluzikulu. Ntchito zokonza nyumba zimatha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo n'chifukwa chake zimadutsa osaonedwa, koma ndi mmene muli anthu osaphunzitsidwa ndi zida zongobwereka. Woyendera ntchito akamabwera munthu atafa kale, wabwera kudzalemba lipoti, osati kudzateteza.

Pempho langa ndi lachidule. Aliyense woyang'anira nyumba asalole kontrakitala kudutsa pageti asanaonetse inshuwalansi ya antchito ake ndi chikalata chofotokoza mmene agwirire ntchitoyo. Ntchito ya pamwamba, ya magetsi ndi yowotcherera isayambe popanda chilolezo cholembedwa, chosainidwa ndi mbali zonse ziwiri tsiku lomwelo, ndipo mtengo wa nsanja ndi zida zodzitetezera uzilembedwa paokha m'mgwirizano kuti pasapezeke wouchotsa mwakachetechete. Pakhale munthu mmodzi wa nyumbayo, wodziwika dzina, amene ali ndi mphamvu yoimitsa ntchito nthawi yomweyo, ndipo nambala yake ya foni ipachikidwe pakhomo kuti ife ogwira ntchito m'maofesimo tidziwe kokanena.

Ine wanu,
Mmodzi mwa ogwira ntchito m'nyumbamo