Otchera mawaya musamawatchule alenje

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhepo pa nkhani ija munalemba ya anthu opha nyama ku Dzalanyama. Inali bwino ndithu koma penapake munandikhumudwitsa, anthu otchera mawaya a buleki ya njinga aja munawatchula kuti alenje. Ayi akonzi, amenewo si alenje.

Ine ndinakulira cha ku Malingunde, agogo anga aamuna anali mlenje wa uta ndi mivi. Muvi suluma patali, nde nzeru yonse inali kuyandikira, gwape ankamulasa ali pafupi ngati apa ndi pakhomo apo. Tinkadzuka kusanache, iwo atamangirira kansanza ka phulusa m'chiuno, tikafika m'tchire amatsina phulusa lija n'kuliwaza m'mwamba kuti aone kolowera mphepo, chifukwa mphepo iyenera kumakuombani kumaso, ikangochokera kumsana basi fungo lanu lafika kale, bwererani mukalime. Nsapato ayi, fodya wawo wa chingambwe ankatsala kunyumba.

Gwape amayenda yekha, amadya masamba ndi zipatso zakugwa m'mawa ndi madzulo, masana ali pa chitsamba. Ndipo akamva mtswatswa sathawa msanga, amangoti phee pansi kudikira mudutse, mpaka mutatsala pang'ono kumuponda mpamene amavumbuluka, liwiro lake lokhotakhota, kenako ziii walowa patchire ngati munthu wodumphira m'dziwe. Agogo anandionetsa timizere takuda tili m'munsi mwa maso ake, kuti ndi timeneti amapakira fungo pa timitengo posonyeza dera lake, nde ukapeza malo amenewo ingokhala pansi, abwera yekha. Pena ankapinda tsamba pakamwa n'kulira ngati kamwana ka gwape, koma akabwera wopanda nyanga ankatsitsa uta, amvekere ameneyo ndi mayi, msiye.

Tsiku lina ine kutopa ndi kukhala chete, ndinawauza kuti agogo paja amati chetechete sautsa nyama. Gwape anali pompo, anangoti fwaa! Anandiyang'ana nthawi yaitali kenako akuti mwambi umenewo ngwa pa uzimba pamene pali agalu ndi zibonga, kuno sitikufuna kuutsa nyama. Tsiku limenelo tinadyera chisoso.

Mbawala ndiye ankaipatsa ulemu wina, imauwa ngati galu ikakuonani, ndipo yamphongo ikavulala imatembenuka n'kukulondolani ndi nyanga, agalu ambiri anathera pamenepo.

Tsono waya amadziwa chani pa zonsezi? Sasankha, wabere, kamwana, ngakhale galu wa eni ake amakodwa, munthu watchera mawaya ambirimbiri ena mpaka kuiwala pomwe anaika, nyama kumangoolera m'tchire. Enanso ndi aja otentha tchire lonse chifukwa cha mbewa, kuphatikiza makala amene tonse m'tauni muno timaphikira, ineyo ndemwe, gwapeyo abisala pati?

Sindikuti tibwerere ku uta ayi, nyama zatha ndipo lamulo analikhwimitsa mu 2017 moti milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire munthu atha kukaseweza mpaka zaka 30. Pempho langa ndi lakuti a nthambi ya nyama zakutchire apite m'midzi ya m'mbali mwa Dzalanyama akafunefune madala otsalawo amene amawerenga mapazi, aziyenda ndi a gemu pochotsa mawaya, komanso azikacheza ndi ana a sukulu. Ndi ochepa ndipo akupita, agogo anga anapita kale, uta wawo unadyedwa ndi chiswe kutsindwi.

Mwezi watha ndinatenga mwana wanga ku Lilongwe Wildlife Centre, tikuyenda m'kanjira ka m'nkhalango muja gwape anadutsa kutsogolo kwathu, mwana kukuwa kuti adadi taonani kambuzi kasochera!

Mdzukulu wa mlenje,
Likuni, Lilongwe