Loweruka tikumane pa nkhani ya alayimenti

Mamembala nonse, Loweruka likubwerali m'mawa bwerani ndi magalimoto anu tikonze alayimenti tisanalowe mu autocross, mpikisano wothamangitsa galimoto mokhotakhota pakati pa makoni.

Chachikulu ndi camber, kupendekeka kwa tayala mukaliyang'ana kuchokera kutsogolo kwa galimoto. Mukakhota mwamphamvu pakati pa makoni, galimoto imapendekeka, tayala lakunja n'kumadyekera m'mphepete basi. Madigiri 2 kapena 3 a negative camber (kumtunda kwa tayala kupendekera m'kati) kutsogolo amathandiza kuti tayalalo ligwire pansi lonse. Mukaika toe-out (matayala kuloza kunja) pang'ono kutsogolo, galimoto imamva chiwongolero msanga. Toe-out kumbuyo ayi chonde, galimoto ingakuzunguzeni pakona.

Inu amene mumapita nayo yomweyo kuntchito, samalani, toe ikachuluka imamaliza matayala posachedwa.

Musaiwale geji ya mpweya ndi choko chopaka m'mbali mwa tayala, tione pamene likukhudzira pansi. Yambani mwawerenganso malamulo a kalasi ya galimoto yanu pa mpikisanowu.